Kaikidwe ka zipata zogwira akuba pakhomo la sitolo

Masitolo a zovala ambiri kuno ku Harare ali ndi zipata zomwe zimalira munthu akatuluka ndi katundu wosalipira, koma zina zimangolira popanda wakuba. Kawirikawiri vuto ndi kaikidwe.

Tagi ndi kachipangizo komwe amamata kapena kukoleka pa katundu kuti chipata chikamve. Tagi ya RF (yoyendera mafunde a wailesi) ilibe batire. Mkati mwake muli kawaya kozungulizazunguliza ndi capacitor kakang'ono (kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi), ndipo ziwirizi zimayankha mafunde a 8.2 MHz. Chipata chimatumiza mafunde a wailesi kuyambira pafupifupi 7.4 mpaka 8.8 MHz. Tagi ikadutsa imayankha, belu n'kulira. Matagi a mtundu wina, a AM (oyendera maginito), ndi a 58 kHz, chipata cha RF sichiwamva n'komwe, ndiye musasakanize pogula.

Pakati pa nsanamira ziwiri za chipata siyani mpata wa mita imodzi kapena imodzi ndi theka, osazigunditsa kufelemu yachitsulo ya chitseko. Chipata chikhale ndi soketi yakeyake ya earth. Magetsi akathima inu n'kuyatsa jenereta kapena inverter yotchipa, kusokonekera kwa magetsi m'mawaya kumasokoneza chipata. Nyali za LED zosalongosoka nazonso n'chimodzimodzi. Zovala zokhala ndi matagi ziimikeni mamita awiri kuchokera pakhomo kuti chipata chisamangolira, apa mpomwe ambiri amalakwitsa.

Tagi yomata musaipinde, ndipo musaimate pachitsulo kapena pa foil, imagontha. Polipirira, kambale kozimitsira kamaboola capacitor uja ndi mafunde amphamvu, tagi n'kufa. Matagi olimba apulasitiki amachotsedwa ndi maginito. M'mawa uliwonse dutsani ndi tagi imodzi pakati penipeni, poti mpomwe chipata chimamva mofooka.