Momwe mungagwetsere mnzanu woimirira pogwiritsa ntchito X-guard

Mu grappling, masewera olimbana mogwirana popanda kumenyana nkhonya, kugona chagada si kugonja. Pa kagwiridwe kotchedwa X-guard, wapansi amalowa kunsi kwenikweni kwa mnzake amene waimirira n'kumulanda mphamvu ya miyendo. Anaitchukitsa ndi Marcelo Garcia wa ku Brazil, yemwe anapambana mpikisano waukulu wa grappling wotchedwa ADCC mu 2003, 2005, 2007 ndi 2011.

Kuno ku Dedza, m'mawa wa mu June kapena July mawondo amakhala ouma gwa, ndiye yambani mwatenthetsa thupi. Pa simenti ya mu holo yalanipo matiresi, chifukwa wogwetsedwayo amafikira msana.

Choyamba, khalani tsonga pansi, mnzanu aimirire patsogolo panu atatangadza pang'ono. Pisani mkono wanu wamanja kunsi kwa mwendo wake wamanzere, khwekhwerezani matako mpaka mufike pakati pa miyendo yake, kenako mugone. Mwendowo ukhale paphewa, utagunda khutu lanu, dzanja litagwira pamwamba pa bondo.

Chachiwiri ndi mapazi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalephera. Onse awiri apite ku mwendo wake winawo. Phazi limodzi likole kuseri kwa bondo, linalo likole kutsogolo kwa ntchafu, cha m'mphechepeche. Miyendo yanu ipingasana ngati chilembo cha X, n'chifukwa chake dzinalo. Zala zakuphazi zipindikire m'mwamba ngati ngowe yothyolera mango. Zikangolefuka, amasolola mwendo n'kukukhalirani pachifuwa. Mawondo anu akhale opindika, musawongoleretu, apo ayi mulibenso chokankhira.

Tsopano mutangadzitseni. Wongolani miyendo mukukankhira mwendo wakewo kutali, uku wapaphewa mwaupana. Mumva yekha akudzandira, mwinanso manja ake afika pamatiresi.

Nthawi yomweyo tsitsani phazi lam'mwamba, la pantchafu lija, mupondetse pabondo lake ndi kukankha. Tsamirani dzanja lamanzere pansi, bwezerani miyendo kumbuyo, dzukani mwendo wake ukadali paphewa. Yendani naye kutsogolo, agwa. Musausiye mwendowo mpaka mutadutsa mbali n'kumupanikiza ndi chifuwa.

Ine ndimaona kuti X-guard si malo opumirapo. Mukachedwa kunsiko, wanzeru amakankha bondo lanu n'kudumpha. Bwerezani mbali zonse ziwiri pang'onopang'ono, mnzanu asakukanireni kaye. Zopotokola chidendene, zija amati heel hook, zisiyeni mpaka pakhale mphunzitsi, pakuti bondo limawonongeka ululu usanamveke bwino. Mnzanu akagogoda ndi dzanja pathupi panu kapena pansi posonyeza kuti wagonja, musiyeni pompo.