Timabuku takale tolimbitsira thupi: zotola ndi zotaya

Mukapeza kabuku kakale kolimbitsira thupi, kaya kwa ogulitsa mabuku akale pa Mangochi boma kaya pa intaneti, yambani mwapatula zamalonda. Tambiri tinalembedwa pofuna kugulitsa kenakake. Charles Atlas, yemwe anabadwira ku Italy mu 1892, ankagulitsa maphunziro 12 olimbitsa thupi otchedwa Dynamic Tension kudzera pa positi. Nyambo yake inali nthano yazithunzi: mnyamata woonda amuwaza mchenga kumaso kunyanja, chibwenzi chake chikuona. Akakuchititsani manyazi chonchi, amalonjeza kuti mphindi 15 zokha patsiku zikusandutsani chiphona. Zithunzi zofanizira kale ndi tsopano nazonso muziyang'ane ndi diso lokayika. Poyamba munthu wagwetsa mapewa, mimba panja. Kenako wadzola mafuta, wafufumitsa chifuwa, nyale ikumuunika cha m'mbali.

Komabe masewera ena m'menemo ndi abwino. Kankhanitsani zikhatho patsogolo pa chifuwa kwa masekondi 7 mpaka 10, kasanu, mukupuma bwinobwino. Kubanika mpweya kumakweza BP mwadzidzidzi, choncho amene ali ndi vutoli ayambe afunsa kuchipatala. Mphamvu za masewera osasunthawa zimakula makamaka pamalo pamene mkono waima, ndiye sinthani katatu: manja pafupi ndi chifuwa, pakati, kenako patali.

Chovuta n'chakuti simungayeze ngati mukupita patsogolo, pomwe minofu imakula katundu akamawonjezeka. Apa zigubu zimathandiza. Cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5. Mukathiramo mchenga wouma chimafika pafupifupi 8. Njutani n'kudzuka mutachikumbatira, msana uli chilili, zidendene zisachoke pansi. Chitani ka 8 mpaka ka 12, pumani mphindi ziwiri, mubwereze mpaka katatu, kenako mapushapu chimodzimodzi. Masiku atatu pa sabata akwana, muzidumphitsa tsiku pakati. Ka 12 kakayamba kupepuka, wonjezerani mchenga.

Zoti masewera a pamimba amasungunula mafuta a pamimba ndi bodza. Amalimbitsa minofu ya pansi pa mafutawo, koma thupi limachotsa mafuta paliponse mukamadya zochepa kuposa zimene likugwiritsa ntchito. Minofunso sisanduka mafuta mukasiya. Imangophwa, inu mukudyabe mitanda yomweyo ya nsima.

Langizo loopsa kwambiri kuno kunyanja ndi la thukuta: kuvala juzi kapena pulasitiki, osamwa madzi. Kilogalamu imene yatsika pasikelo mukangomaliza ndi madzi pafupifupi lita imodzi, ndipo imabwerera mukamwa. M'dzuwa la Okutobala ndi Novembala zoterezi zimagwetsa munthu. Chitani masewera isanakwane 7 koloko m'mawa kapena dzuwa litapendeka, botolo lili pambali. Mkodzo ukadera, madzi achepa m'thupi. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire chikabwera, lekani, khalani pamthunzi.

Zakudya zomanga thupi musazifune kutali: usipa, utaka, nyemba, mazira ndi mtedza. Mphamvu zimayamba kubwera m'masabata oyambirira, koma kuti mikono ioneke kuti yakula, dikirani miyezi iwiri kapena itatu.