Mmene mungatsutsiranire za Buku la Mormoni popanda phokoso

Amishonale a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza akagogoda pakhomo ku Matero kapena ku Kabwata, nkhani yoti buku lawo ndi mbiri yeniyeni kapena ayi sichedwa kubuka. Mitsutso yambiri imathera m'malere chifukwa anthu sanagwirizane chimene akutsutsana. Zoti munthu anapemphera n'kuyankhidwa, monga Moroni 10:4 imalonjezera, simungaziyese patebulo. Choyeseka ndi ichi: kodi ku America kunalidi Anefi ndi Alamani, mitundu iwiri imene bukuli limasimba, kuyambira cha m'ma 600 BC mpaka 421 AD? Mukamvana pamenepo, yalani zinthu zitatu: Buku la Mormoni lachingelezi, Baibulo la King James, ndi nkhani za Gospel Topics zimene mpingo womwewo unalemba, zopezeka ulere mu pulogalamu yawo ya Gospel Library. Zolemba za adani a mpingowo zisiyeni kunyumba, mnzanuyo adzazikana musanaziwerenge n'komwe.

Yambani ndi Yesaya, chifukwa aliyense angatsegule n'kudzionera. Lehi, kholo la Anefi ndi Alamani m'bukuli, akuti anachoka ku Yerusalemu cha m'ma 600 BC atatenga malemba, koma 1 Nefi 20 ndi 21 ndi Yesaya 48 ndi 49, Mosiya 14 ndi Yesaya 53. Akatswiri ambiri a Baibulo amati machaputala 40 mpaka 55 analembedwa pa ukapolo wa ku Babulo, Yerusalemu atagwa mu 586 BC, Lehi atapita kale. Woteteza bukuli adzati Yesaya anali mmodzi ndipo analosera. Yankholi Akhristu ambiri muno amaligwirizana nalo, choncho musadabwe m'busa wanu yemwe akakhala mbali yawo. Zikatero pitani ku 3 Nefi 12 mpaka 14, komwe mawu amatsata Mateyu 5 mpaka 7 wa King James wa 1611. Pemphero la Ambuye pa 3 Nefi 13:13 limatha ndi mawu a ufumu, mphamvu ndi ulemerero, omwe mulibe m'mipukutu yakale kwambiri yachigiriki ya Mateyu. Funsani mmene mawu owonjezeredwa pambuyo pake anafikira pa mbale zagolide zimene akuti bukuli linamasuliridwa kuchokerapo.

Mbalezo palibe angaziyese lero, pakuti Joseph Smith, woyambitsa mpingowo, anati mngelo anazitenga. Buku la Abrahamu, malemba ena a mpingowo amene Smith anati anawamasulira, ndi losiyana, ndipo mpomwe mtsutso umalemera. Smith ndi anzake anagula mipukutu ya gumbwa ya ku Iguputo ku Kirtland, ku America, mu 1835. Zidutswa zake zinapezeka ku Metropolitan Museum of Art ku New York, n'kuperekedwa ku mpingo mu 1967. Odziwa chiiguputo anawerenga n'kupeza kuti ndi malemba a maliro, ena a wansembe wotchedwa Hor, ndipo Abrahamu satchulidwamo. Nkhani ya mpingo ya 2014 imavomereza kuti zilembozo sizigwirizana ndi zomwe Smith anamasulira. Mayankho ndi awiri: mwina mpukutu weniweni unatayika, kapena gumbwayo inangoutsa vumbulutso. Loyambalo limagwa pa zithunzi zitatu zosindikizidwa m'bukumo, chifukwa Smith anazifotokoza mbali ndi mbali, ndipo amene anamutcha wansembe wofuna kupha Abrahamu akatswiri amati ndi Anubis, mulungu wa Aiguputo wa za maliro. Lachiwiri ndi lolimba, koma lachoka pa kumasulira chinenero lalowa pa chikhulupiriro. Nenani zimenezo poyera.

Za DNA gwirani mwachidule. Magazi a eni dziko la America amalozera ku Asia, osati kwa anthu a ku Yerusalemu komwe Lehi akuti anachokera. Mawu oyamba a buku la 1981 ankati Alamani ndiwo makolo enieni a Amwenye a ku America. Kuyambira 2006 amati ali m'gulu la makolo awo. Oteteza amati kagulu ka Lehi kanali kochepa, kanamezedwa ndi anthu omwe kanawapeza. N'zotheka, koma chotheka si umboni.

Akavalo, njovu, tirigu ndi chitsulo, zomwe bukuli limati zinaliko ku America kalelo, ndi zimene aliyense amathamangira, ndipo apa ambiri amapunthwa. Wonena kuti balere kunalibe amachita manyazi, chifukwa mtundu wina wa balere unafukulidwa ku Arizona. Nkhani yoti Smith anaba zolemba za mlembi wina, Solomon Spalding, nayonso itayeni. Zolembazo zinapezeka mu 1884 ndipo sizifanana ndi Buku la Mormoni.

Mbali inayo ili ndi mfundo zake zofunika kuzidziwa bwino. Pa 1 Nefi 16:34 pali malo otchedwa Nahom, ndipo maguwa ansembe a ku Marib ku Yemen ali ndi zilembo NHM za nthawi yoyandikana. Otsutsa amati dzina lofanana linali kale pa mapu a m'ma 1700 a Carsten Niebuhr, wofufuza malo wa ku Ulaya, koma palibe anasonyeza kuti Smith anawaona. John W. Welch, wa mpingowo, mu 1967 anazindikira m'bukuli kalembedwe kachiheberi kobwereza mfundo chobwerera m'mbuyo, ndipo Alima 36 ndiye chitsanzo chotchuka. Mboni zitatu zimene zinati zinaona mbale zagolidezo, Oliver Cowdery, David Whitmer ndi Martin Harris, zonse zinayambana ndi Smith, koma palibe inakana umboni wake.

Pa tsikulo sankhani mfundo ziwiri zokha, mphindi khumi mbali iliyonse, ndipo vesi liwerengedwe mokweza musanalikambe. Amishonalewo ambiri ndi achinyamata ongomaliza kumene sekondale, osati akatswiri a zofukulidwa. Akati akafufuze, apatseni mlungu, mulembe mavesiwo papepala.