Pansi pa simenti pang'aluka, mukonze nokha kapena muitane mmisiri?

Musanathamangire kogula simenti, onani kaye ngati mng'aluwo ukuyendabe kapena unaima. Tengani pensulo mulembe pomwe wathera mbali zonse ziwiri ndi deti yake, kenako muusiye mwezi umodzi. Ukadutsa pomwe munalemba paja nde kuti vuto lili m'dothi la pansi, mwina silinatsendereke bwino pomanga, mwina paipi ikudontha kapena ndi mizu ya mtengo, ndipo olo mumate bwanji pamwamba padzang'alukanso pomwepo basi.

Timing'alu tating'ono tosafika mamilimita 3 tambiri timabwera chifukwa simenti imakhwinyata ikamauma, timeneti komanso timaenje tosazama mutha kukonza nokha. Kulitsani pang'ono ndi tchizulo ndi hamala kuti simenti yatsopano ipeze pogwira, chotsani fumbi lonse, lonse ndithu, poti ambiri amalakwitsa pamenepa kenako nkumadabwa kuti chigamba chamatuka sabata isanathe. Nyowetsani pamalopo koma madzi asadikhe, pakani phala la simenti ndi madzi, lisanaume matani ndi muyezo umodzi wa simenti ku itatu ya mchenga wosefa. Madzi osachulutsa, inde imamatika mosavuta ikakhala yamadzimadzi koma imadzakhala yofooka. Muzithirira masiku 7, ndipo zolemera musaikepo msanga chifukwa simenti imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. Valani magolovesi ndi masiki chonde, simenti yaiwisi imaotcha khungu ndipo fumbi lake limaononga mapapo.

Koma mukaona mbali imodzi yakwera ina yatsika, kapena mng'alu wapitirira mamilimita 6, kapena wakwera mpaka kukhoma zitseko nkuyamba kuvuta kutseka, pamenepo siyani, itanani mmisiri, ndipo zikafika kukhomako ndi bwino injiniya aone. Chimodzimodzi zitsulo zamkati zikaonekera zili ndi dzimbiri, chifukwa dzimbiri limafufuma nkumaswa konkire kuchokera mkati. Gogodaninso ndi hamala, pakamalira ngati ng'oma malo aakulu nde kuti simenti yapamwamba inasiyana ndi yapansi, pofunika kuswa.

Za chinyezi, matani pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse itsale tsiku lathunthu, mukapeza madontho kunsi kwake madzi akuchokera m'nthaka, ndipo penti kapena matailosi sizithandiza.

Mmisiri akabwera mufunseni chomwe chang'alula. Akangoyamba kuwerengera matumba a simenti asanagogode nkomwe pansipo, funani wina.