Msana ukavulala, miyendo isaphwe: mmene ndikupangira pano

Ine msana ndinauvulaza ndi deadlift (kunyamula bar, mtanda wachitsulo wa zolemera, kuchokera pansi) pa jimu ina kuno ku Chitawira, ndinathamangira kuonjezera zitsulo thupi lisanakonzeke. Miyezi ingapo osagwira bar, ntchafu zinaphwa mpaka buluku kumakhwepa, zinandiwawa mumtima. Ngati nanunso zakugwerani abale, yambani mwaonana ndi a mafizo, ku Queens aliko, akuuzeni ngati nthawi yoyambiranso yakwana. Koma ululu ukamatsikira kumwendo, phazi kuchita dzanzi kapena mkodzo kumavuta kuugwira, zonsezi zisiyeni, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Vuto la squat (kunyonyomala nkudzukanso) ya bar paphewa ndi loti kulemera konse kumayamba kwapsinja msana kenako ndiye kufika kumiyendo. Ndiye ine ndinasintha, ndimalimbitsa mwendo umodziumodzi, chifukwa mwendo ukakhala wokha umatopa ndi katundu wochepa, msana nkumapuma.

Yomwe inandibwezera ntchafu ndi split squat. Imani chofulatira benchi kapena mpando wolimba, phazi limodzi muliike kumbuyo pa benchipo, linalo patsogolo pang'ono, kenako tsikani pang'onopang'ono mpaka ntchafu yakutsogoloyo itayandikira kugona, nkudzukanso mukukankha ndi phazi lonse, chidendene chisanyamuke. Mimba muilimbitse ngati wina akufuna kukumenyani chibakera, ndipo musapinde msana. Sabata ziwiri zoyamba osanyamula kanthu, gwirani khoma ngati mukudzandira, palibe chamanyazi. Mukazolowera tengani zigubu ziwiri za malita 5 zodzadza madzi, chilichonse ndi makilo 5, kapena ma dumbbell, muzigwire m'mbalimu manja ali lende. Kokwana 8 mpaka 12 mwendo uliwonse, maseti atatu, mawa lake masitepe a ku Ginnery Corner muwamva.

Kenako ndimakwera pakhonde ndi mwendo umodzi nkutsika mosathamanga, mwendo wapansiwo usakuthandizeni kudumpha ayi. Kwa matako ndi kuseri kwa ntchafu, gonani chagada pa mphasa, mawondo opinda, kwezani chiuno mutafinya matako, muime masekondi awiri. Mukamva kuti ikugwira kumsana ndiye kuti mwakweza mopyoza. Pomaliza tsamirani khoma ngati mwakhala pampando wosaoneka, masekondi 30 mpaka 45, ndi kunyang'ama pa sitepe chifukwa cha akatumba.

Leg press, makina okankha zitsulo ndi miyendo mutakhala pampando, ambiri amati ndi yabwino kwa ovulala msana, eya imathandiza koma samalani nayo, mukatsitsa kwambiri mpaka matako kunyamuka pampando, msana wam'munsi umapindika uli ndi katundu, apo ndi pomwe ena amadzivulazanso. Tsitsani pofika pomwe chiuno chikadali chomata basi.

Izi kawiri pa sabata zakwana, mwina Lolemba ndi Lachinayi, muzidya mazira, usipa, nyemba kapena soya pieces kuti minofu ipeze pomangira. Loweruka ine ndimakwera phiri la Soche wapansi, osati kuthamanga, ndipo potsika ndimaponda timasitepe tating'ono chifukwa kutsika kumagwedeza msana kuposa kukwera. Kuwotcha kwa ntchafu nkwabwinobwino, koma mukamva kubaya kumsana siyani pompo, ndipo mukadzuka mawa lake msana wauma kuposa dzulo, chotsani chigubu chimodzi kapena mubwerere ku zopanda katundu kwa sabata ina.