Manja m'thumba: kuthandiza amene mukuwasamalira kuti azilimbitsa thupi paokha

Ambiri a ife amene tili ku UK ndi ku Ireland tikugwira ntchito ya care, ena m'nyumba zosungirako okalamba, ena kwa anthu olumala, ena khomo ndi khomo. Pa care plan, chikalata chofotokoza chisamaliro cha munthu, sipalephera kupezeka mzere wonena kuti munthuyu azilimbikitsidwa kulimbitsa thupi. Kulemba n'kosavuta. Ukafika pa shifiti umapeza mwini wake wakhazikika pa sofa, kunja kukuzizira, ndipo ukatchula zoyenda amangokuyang'ana.

Chimene chinandisokoneza ine poyamba chinali chifundo. Panali bambo ena a zaka za m'ma 40 amene zinthu amachedwa kuzigwira m'mutu. Ndinkawatengera nsapato, kuwamangira zingwe, kuwaveka jekete, kutsegula chitseko, ngakhale njira ndinkasankha ndine. Tinkayendadi, ndipo m'buku ndinkalemba monyadira. Koma tsiku limene ndinali pa off, phazi lawo silinkaponda panja. Ulendo unali wanga, iwo ankangondiperekeza.

Choncho yambirani pa chimene munthuyo amakonda kale, mawu oti masewera olimbitsa thupi muwaike pambali. Bambo aja mtima wawo unali pa mabasi, manambala onse anali pamtima. Nditasiya kunena kuti tiyeni tikayende n'kuyamba kufunsa kuti, "Kodi basi yanu ija yadutsa kale?", ankadzuka okha. Wina ndi nyimbo, wina ndi galu wa oyandikana nawo, wina akungofuna kukaponya yekha kalata ku positi. Kupukuta pansi, kuyanika zovala, kutulutsa bini, zonsezi thupi limagwira ntchito. Amene sangathe kuyenda angathe kudzuka pampando ndi kukhalanso kasanu, kapena kudzipalasa okha pa njinga yawo kuchoka kuchipinda kufika kukhitchini m'malo moti muziwakankha nthawi zonse.

Pofunsa, perekani zinthu ziwiri zoti asankhepo: kupaki kapena kusiteji ya basi, pano kapena akatha kudya. Koma akakana, akana basi. Ku England ndi Wales, lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu wamkulu aliyense atengedwe kuti angathe kudzisankhira pokhapokha patapezeka umboni wotsutsa, ndiponso kuti kusankha mopanda nzeru si umboni woti sangathe kusankha. Ku Ireland mfundo yomweyi ili mu Assisted Decision-Making (Capacity) Act ya 2015, imene inayamba kugwira ntchito mu April 2023. Kuopseza kuti muzimitsa TV kapena simuwapatsa chimene amakonda ngati sayenda, kumeneko kungatengedwe ngati nkhanza. Kwa ife amene viza yathu inamangirizidwa kwa olemba ntchito, nkhani yotere imatha kupsereza zambiri kuposa ntchito yokha. Lembani kuti munafunsa ndipo anakana, mawa mufunsenso mwa njira ina.

Tsono ntchito yeniyeni ndi kuchotsa dzanja lanu, ndipo izi zimafuna kuleza mtima kumene sindinkadziwa kuti ndilibe. Gawani ulendo m'tizigawo: kutenga nsapato, kuvala, jekete, kiyi, chitseko, njira, kubwerera. Onani tizigawo timene angathe okha, ndipo pamenepo manja anu akhale m'thumba. Ine ndinadziikira lamulo lowerenga mpaka khumi chamumtima ndisanathandize. Mudzadabwa kuti nthawi zambiri pofika seveni amakhala ayamba kale. Chimene ifeyo timachiona ngati kulephera, kawirikawiri kumakhala kuchedwa chabe, ndipo timawalanda ntchito m'manja chifukwa wotchi ikutithamangitsa.

Pa chinthu chovuta, monga kumanga zingwe, chitani inu mbali yonse n'kuwasiyira yomaliza, kukoka kuti imange. Akaizolowera asiyireni ziwiri zomaliza. Mukatero, tsiku lililonse amamaliza ndi iwo, ndipo kukoma kwa kumaliza n'kumene kumawabweretsanso mawa. Thandizo nalo lizichepa mwa masitepe: poyamba kuwagwira dzanja, kenako kuwaonetsa, kenako mawu okha, kenako kungoloza, pomaliza chithunzi pakhoma kapena alamu ya pafoni izikumbutsa m'malo mwa inu. Panjira chimodzimodzi. Ndi bambo aja ndinayamba ndi kuyenda pambali pawo, sabata zotsatira ndinkatsalira m'mbuyo mapazi angapo iwo akutsogolera, kenako ndinkaima pakona n'kumawaona akupita. Ndikawayamikira ndinkatchula chimene achita: "Mwakumbukira kiyi nokhatu lero." Zoombera m'manja ngati mwana wa sukulu ya mkaka ankadana nazo, ndipo sindiwaimba mlandu.

Musasinthe nokha zoti munthu ayambe kutuluka yekha. Izi zidutse kwa manijala, risk assessment (kuunika zoopsa zimene zingachitike) ikonzedwe, achibale adziwe ngati mwini wake walola. Ndipo anzanu onse a pa shifiti azichita mofanana. Mnzanga mmodzi wamtima wabwino ankawaveka bambo aja nsapato pofuna kufulumira, ndipo pa masiku atatu okha ntchito ya mwezi inabwerera m'mbuyo. Lembani bwinobwino m'buku kuti gawo ili amachita okha, musawathandize.

Za kuchuluka kwake, malangizo a 2020 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu, kuphatikizapo wolumala, azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zolimbitsa thupi mwapakatikati, kuonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu. Okalamba kuyambira zaka 65 amafunikanso zowathandiza kuima osadzandira masiku atatu pa sabata. Musathamangire manambalawa. Malangizo omwewo amati pang'ono ndi bwino kusiyana ndi kusachita konse, ndipo kwa munthu amene wakhala zaka pampando, mphindi zisanu ndi chiyambi chokwanira. Muyezo wosavuta ndi uwu: azipuma mofulumirirapo koma azitha kulankhula.

Musanayambe, GP (dokotala wawo wa nthawi zonse) kapena physio (katswiri wa mafupa ndi minofu) aunike kaye, makamaka pamene pali vuto la mtima, limene limapezeka kwambiri mwa anthu a Down syndrome. Wa khunyu asasambire yekha. Wa shuga amene amabaya insulin, shuga amatha kutsika akamayenda, choncho munyamule zimene care plan ikunena. Komanso musafulumire kunena kuti ndi ulesi. Mankhwala ena monga olanzapine amanenepetsa ndi kugonetsa, ndipo munthu amene salankhula bwino akakana kuyenda mwina phazi likumupweteka. Vulani sokosi muone zikhadabo ndi matuza. Ku England, amene ali pa kaundula wa learning disability (vuto lochedwa kugwira zinthu m'mutu) kuyambira zaka 14 amayenera kupimidwa thupi lonse kwa GP kamodzi pa chaka, ndipo mpata umenewo ndi wabwino kufunsa zonsezi. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, aime pomwepo, ndipo zikapitirira imbani 999 kapena 112.

Chinthu china chimene chimagwira munthu kuposa ife ogwira ntchito ndi anzake. Ife timasintha ntchito, timasamuka. Kuli parkrun, yothamanga pagulu, imene inayamba mu 2004 ku Bushy Park ku London, ndipo pano imachitika Loweruka lililonse m'mawa m'mapaki ambiri ku UK, Ireland ndi South Africa. Ndi makilomita 5, yaulere, kuyenda wamba n'kololedwa, ndipo pamakhala wodzipereka amene amayenda kumapeto dala kuti pasakhale womaliza. Magulu a Special Olympics, a masewera a anthu ochedwa kugwira zinthu m'mutu, nawo alipo m'madera ambiri.

M'nyengo yozizira, pamene mdima umagwa cha m'ma 4 koloko, bambo aja anasiya kwa sabata zitatu. Ndinangosuntha ulendo kuti ukhale wam'mawa, n'kubwereranso pa kuyenda pambali pawo. Pofika March ndinali nditabwerera pakona paja, manja m'thumba, iwo akupita okha kusiteji, n'kubwera kudzandiuza kuti basi yawo yachedwa ndi mphindi zinayi.