Chitseko cha mu Second Life chikapanda kumva kuti mwachigunda

Abale amene mukumanga zinthu mu Second Life, dziko lija la 3D la pa intaneti, iyi inandidyera mausiku awiri kuno ku Chibavi, mvula ya Mzuzu ikungowaza osaleka, bandulo nayo ikutha. Ndinapanga chitseko choti chizitseguka chokha avatar (kamunthu kokuyimirani mmenemo) akafika, ine kupita, kugunda, ziii palibe. Ndinalembanso script (code yoyendetsa chitsekocho) yonse kawiri, kenako ndinapeza kuti script inali bhobho, vuto linali pa chinthucho.

Ndiye musanayambe kufufuta code, ikani llOwnerSay (yotumiza uthenga kwa mwini chinthu) mkati mwa collision_start (event yomwe imadzuka chinthu chikagundidwa) kuti izikuuzani llDetectedName(0), lomwe ndi dzina la wogundayo. Mukagunda osaona dzina mu chat ndiye kuti event yo sikufika nkomwe, musavutike ndi ma if anu. Onani kaye ngati kabokosi ka Running pa script kali kochonga komanso ngati mwini malowo amalola ma script.

Zikakhala bwino pamenepo pitani pa Phantom. Chinthu cha phantom sichimva kugundidwa, munthu amangodutsa ngati utsi. Ngati mukufuna kuti anthu azidutsa koma script izidziwa, gwiritsani llVolumeDetect(TRUE), ndipo muyike mu root prim (chidutswa chachikulu chomwe zidutswa zina zonse za chinthucho zalumikizidwako). Koma dziwani kuti imeneyi imangodzutsa collision_start ndi collision_end basi, event ya collision yomwe imabwera pakati pa ziwirizi sibwera, ndiye code yanu ikakhala mmenemo mudikira mpaka kucha. Mukasewera ndi Phantom pamanja llVolumeDetect imatha kusokonekera, itchuleni FALSE kenako TRUE ibwerera.

China chomwe ambiri sitidziwa, zinthu ziwiri zosakhala physical (zomwe sizigwa kapena kukankhika) sizigundana ngakhale zilowane. Chimodzi chikhale physical kapena akhale avatar.

Changa chinali ichi, ndipo chimapweteka mutu kwambiri chifukwa maso amakunamizani. Mpanda wanga wa mesh (chinthu chopangidwa kunja n'kukwezedwa mu Second Life) unali pa Convex Hull, ndiye bowo la pakhomo ndimaliona koma kwa physics linali lotsekeka, ngati mwakulunga nyumba yonse mu jumbo. Avatar amagunda jumboyo osafika pa chitseko. Tsegulani Edit, pitani ku Features, sinthani Physics Shape Type ikhale Prim, bola mesh yo inakwezedwa ndi physics model yake, apo ayi Prim simuipeza. Tizokongoletsa tating'ono tiyikeni pa None tisamatchinge njira, root yokha ndiyo siilola None. Mu Develop menu, pa Render Metadata, muli Physics Shapes, yatsani muone ndi maso anu zomwe server ikuwona.

Chikamatseguka ndi chilichonse, ngakhale mpira wa munthu wina, sefani ndi llDetectedType(0) & AGENT (kuti chizimva ma avatar okha) kapena llCollisionFilter. Zipolopolo zothamanga kwambiri nazo zimaboola khoma lopyapyala osamveka chifukwa sim (server yoyendetsa malowo) imawerengera ka 45 pa sekondi, ndiye nenepetsani khomalo kapena talikitsani chipolopolocho.

Ndipo netiweki ikamakoka madzulo chitseko chimaoneka ngati chachedwa pomwe ku server chatseguka kale, ine ndimayesa cha m'ma 5 koloko m'mawa anthu asanadzuke.